Thonje m'Makutu mwa Wailesi

Lachiwiri, 4 Juni

Musalowe m'chipinda chimene agonekamo mwanayu. Mawu anu akhoza kumupha. Sindikunyoza ayi, adokotala ndi amene anena. Phokoso lililonse, kuwala, ngakhale kumukhudza modzidzimutsa, thupi lonse limauma, ndipo likauma mpaka pakhosi mpweya sudutsa. Inu kunong'ona simutha, mukudziwa nokha. Mukabwera muziima panja, alamu azidzandiitana.

Kaya mwaswera bwanji, bambo a Wailesi. Ine ndilipo. Ndikulemba chifukwa pa foni mumangoti "ee? ee?" ndipo kuno sindingakuwe. Pepalali ndipatsira achemwali anu, alamu anga, akamabwerera.

Matendawa akuti ndi kafumbata. Analowera pa bala lija la kuphazi, limene anadzicheka ndi kachidutswa ka lata kuseri kwa shedi yanu. Ife tinkati lapola. Akuti linapola pamwamba pokha. Dzana lija tinkamukalipira kuti akuchita matama ndi chakudya, si matama, nsagwada zinali zitayamba kuuma. Andifunsa za katemera. Ndanena zoona, kuti ena aja sitinamalize chifukwa tinali pakati posamuka. Sanandikalipire, angolemba.

Zimene amuchita lero ndi izi. Atsegula balalo n'kulitsuka. Amubaya jakisoni wolimbana ndi poizoni wa matendawa. Amuika diripi, ndipo akuthiramo mankhwala ofewetsa thupi, dzina lake dayazepamu, ndawapempha andilembere padzanja. Amulowetsa kapaipi m'mphuno kofika m'mimba, kodyera.

Munamutcha Wailesi poti pakamwa pake sipazima. Lero ali zii. Mukanamuona. Ayi, musamuone kaye.

Lachitatu, 5 Juni

Kachipindaka kali kumapeto kwa wodi ya ana, kale ankasungiramo matiresi. Pawindo akoleka bulangete. Pachitseko amata pulasitala pamene chimagunda, kuti chisamalire potseka. Wailesi amuika thonje m'makutu ndi kansalu kumaso. Kuwala kumene kulipo ndi kamzere ka pansi pa chitseko, ndipo ndikulembera pamenepo nditagwada. Ndikulemba ndi pensulo chifukwa bolopeni ija imalira ukaidina.

Namwino wamkulu wa kuno azimayi a mu wodi amawatcha Sisitala Mphaka, poti umangoona ali kumbuyo kwako osawamva kubwera. Polowa m'kachipinda kathu amavulanso nsapato pakhomo. Anandigwira ndikufuna kumusisita mwana pamutu. Anandikokera panja n'kunena kuti, "Mayi, dzanjalo likuyabwa, ndikudziwa. Likhalireni."

Akuti zonse tizichitira pamodzi mankhwala akangolowa. Kumutembenuza, kumupukuta, kumusintha, mkaka wa m'paipi. "Tizimuvutitsa kamodzi, kenako timusiye apume." Andipatsa mapepala kuti akauma ndizilemba chimene chamuyambitsa. Ine ndizilemba ndi zina zomwe, poti muno ndilibe wolankhula naye.

Lero wauma katatu. Koyamba kangolo ka mankhwala kanagunda khoma. Kachiwiri mwana wina analira mu wodi. Kachitatu ndine, ndinayetsemula.

Akauma msana umapindika, amatsala atagonera mutu ndi zidendene zokha, mano gwa, milomo kukokeka ngati akuseka. Sisitala akuti sakomoka, amamva ululu wonse. Bola akanapanda kundiuza.

Lachinayi, 6 Juni

Ndinakumvani masana muli ku geti. Ndinali nditatuluka kukataya madzi, ndipo ndinamva bwinobwino mukuuza mlonda kuti mwana wanu ali ndi zaka zisanu koma amalankhula kuposa loya.

Pa bedi loyandikana ndi chitseko chathu pali mayi wa mapasa otsegula m'mimba, onse amangomuti Make Mapasa. Anandifunsa kuti, "Amuna anu aja anameza sipika?" Ndinati ayi, zaka zonsezi akukhoma ndowa ndi mabeseni, makutu anatha, sadzimva akamalankhula. Iye amvekere, "Ndiye kwanu chinsinsi kulibe. Pokufunsirani msewu wonse unavomera nawo." Ndinaseka nditatseka pakamwa ndi manja onse awiri. Kenako ndinachita manyazi kuti ndaseka.

Alamu abweretsa mpunga wa nyemba ndi nthochi. Ndimadyera pakhonde chifukwa supuni imalira m'mbale. Wailesi akulandira mkaka pakapita maola atatu aliwonse, amaukankha ndi sirinji pang'onopang'ono. Awonjezera mankhwala ena opha tizilombo ta m'bala. Thupi latentha. Thukuta ngati wanyowa ndi mvula.

Wauma kasanu. Kawiri sindinamve kalikonse, anangouma yekha.

Loweruka, 8 Juni

Ndikulemba kuti mudziwe zimene zinachitika mutachoka, poti simunazione.

Ndinakuonani mukulowa nthawi ya alendo, nsapato zili m'manja, makiyi mwawakulunga m'kampango. Zonse munachita bwino. Munayenda ndi zala ngati wakuba. Ndiye munamuona, ndipo munati, "Mwana wanga." Inu munkaona ngati mwanong'ona. Khoma linayankha.

Anakumvani ndi thonje lomwelo. Anafuna kutembenukira kwa inu, ndiye anauma. Sanaumepo choncho chibwerere. Milomo inada. Mutatuluka anathamanga anamwino atatu ndi adokotala, anamuika chopumira kumaso, makina okoka malovu, jakisoni wina pamwamba pa mnzake. Ine ndinangoima ndi thawulo m'manja. Anapuma. Ali moyo. Ndi zimene simunaone.

Zimene ndinakuuzani pakhonde mukuzidziwa. Ndinati lata lanu linamucheka, tsopano mawu anu amutsirize? Musapondenso kuno. Inu munati, "Ee?" Ndiye ndinabwereza mokuwa, wodi yonse inamva, ndi alendo omwe. Munavala nsapato imodzi, inayo munanyamuka nayo m'manja.

Pepala ili sinditumiza.

Lamulungu, 9 Juni

Wauma kasanu ndi kamodzi. Amuwonjezera mankhwala ena m'diripi, akuti maginesiyamu. Amamugogoda pabondo ndi kumuwerenga mpweya kuti aone ngati sanamuchulukire. Mkodzo akuuyeza m'botolo.

Alamu asiya chakudya kwa Make Mapasa. Sanandiitane.

Lolemba, 10 Juni

Kanayi. Diripi yasunthidwira ku dzanja lina, loyamba latupa.

Ndatopa.

Lachitatu, 12 Juni

Katatu. Adokotala akuti poizoni amene analowa kale m'mitsempha sachotsedwa, amatha yekha, ntchito yathu ndi kumusunga wamoyo mpaka athe. Ndinafunsa kuti mpaka liti. Anati masabata.

Ndaphunzira kuyenda ndi masokosi, kukhosomolera m'pilo, kufinya thawulo osadonthetsa madzi m'beseni. Sindimukhudza pokhapokha Sisitala akanena. Sindimulankhula. Ndimakhala pampando n'kumamvetsera mpweya wake. Ukachedwa pang'ono, wanga umaimanso.

Alamu lero alowa. Sanandiyang'ane kwambiri. Akuti shedi simunatsegule chichokereni kuno. Akuti mayi wa golosale uja anabwera kunyumba atafunda nsalu, kudzafunsa ngati kwagwa zovuta, poti nyundo sikumveka. Ndinati auzeni atsegule, anthu akudikira ndowa zawo. Alamu anati, "Kawauzeni nokha, alamu. Pakamwa muli napo, tonse tinamva."

Tsiku sindikulidziwa

Ndinagona pampando. Nditadzuka sindinadziwe ngati kwacha kapena kukuda. Chitsulo chopachikapo diripi chinasanduka munthu wamtali ataimirira pamutu pa mwana. Ndinafuna kukuwa, ndinadziluma dzanja. Ndinapita n'kuchigwira, chitsulo ndithu.

M'makutu mukulira. Nthawi zina ndimamva inu mukukhoma, ndimafuna kuthamanga kukakuletsani. Kenako ndimakumbuka kuti shedi ili kutali, komanso ndi yotseka.

Kawiri, kapena katatu. Mwina kamodziko ndinalota.

Loweruka, 15 Juni

Tsikuli andiuza ndi Sisitala Mphaka. Anawerenga pepala la dzulo, amati aone za kuuma, ndiye anaona ndi za munthu wamtali zomwe. Anandigwira pamkono mpaka panja padzuwa. Maso anandiwawa, misozi mbwe.

Anati, "Si misala, mayi. Mutu wa munthu ukasowa choona ndi chomva, umayamba kupeka zake. Ndinagoneka wodwala mmodzi m'chipindamo, sindikufuna awiri." Alamula kuti ndizituluka m'mawa ndi masana, ndiziyang'ana zinthu zakutali, ndizipatsa anthu moni, ndizisamba madzi ozizira. Ine ndikatuluka, namwino wina azikhalamo.

Ndinakhala pa benchi ndi Make Mapasa. Anandisendera lalanje. Anati, "Lankhulani mokweza, mukunong'onera ndani panja pano?" Ndinayesa. Mawu sakutuluka, akungomveka ngati mphepo ya patayala. Iye amvekere, "Banja ili! Mwamuna anatenga mawu onse, mkazi anatsala ndi mpweya." Ana ake achira, mawa akutuluka. Ndimusowa.

Lachiwiri, 18 Juni

Chiyambire Lamulungu wauma kamodzi kokha, pang'ono, mwendo ndi m'mimba basi. Maginesiyamu asiya. Dayazepamu akuchepetsa pang'onopang'ono, akuti sasiyidwa kamodzi. Bala lauma bwino. Pakamwa pakutseguka polowa chala chimodzi.

Sisitala achotsa kansalu kumaso ndi thonje m'makutu. Apinda bulangete la pawindo, mbali imodzi, mulingo wa chikhatho. Akuti, "Tsopano tibwerere. Tinamubisa ku dziko, timubwezere pang'onopang'ono. Yambani kumulankhula."

Atangotuluka ndinabwezera thonje ndipo ndinatsitsa bulangete. Kunja kunali anthu akukoka mabedi. Sisitala sanaone milomo ija mmene inadera? Anaona, koma si mwana wawo.

Lachitatu, 19 Juni

Sanaume. Thonje ndimachotsa ndikamva kuti Sisitala akuyandikira, ndi kubwezera akachoka. Koma Mphaka ndi Mphaka. Masana ndinangoona ali kumbuyo kwanga, thonje lili m'manja mwanga.

Sanakuwe, muno sakuwa munthu. Anatenga thonjelo n'kuika m'thumba la yunifolomu. Anati, "Munamvera bwino kwambiri, mayi, mpaka mwapitirira. Mdima ndi chete, mankhwala amene anamupulumutsa sabata yatha, sabata ino akumudwalitsa. Tamuyang'anani maso."

Ndinamuyang'ana. Maso ali otsegula koma sakutsata kanthu. Zala zikungotola pa nsalu ya bedi, ngati akutola mpunga wotayika.

Lachinayi, 20 Juni

Walankhula! Mawu oyamba chibwerere. Ndinagwada pafupi kuti ndimve. Akuti, "Chotsani nyererezo." Pakhoma palibe nyerere. Kenako akuti madzi akukwera, afika pabedi, nsapato zake zipita.

Adokotala akuti ubongo wake sunawonongeke. Akuti ndi mankhwala aja akuchoka m'thupi, kuphatikiza kukhala mumdima nthawi yaitali osamva mawu a munthu, osadziwa usana ndi usiku. Akuti zimatha, koma tisamusiye yekha m'menemo.

Sisitala andiphunzitsa zochita, ndalemba kuti ndisaiwale. Kukacha nditsegule bulangete, ndimuuze kuti kwacha. Ndisanamugwire ndizinena kaye kuti ndine ndani ndipo ndimugwira pati. Ndizimutchula dzina. Ndizimuuza kuti ali kuchipatala, anadwala, akuchira. Ndisamamutsutse za nyerere, ndisamavomerenso, ndizingoti ine sindikuziona koma ndili pompano. Munthu mmodzi azilankhula, osati awiri. Ndizimupatsa zogwira, zofunda ndi zozizira, ndi zonunkhiza, sopo, khungu la lalanje. Kukada ndizimuuza kuti kwada.

Ndachita zonse. Ndinati, "Ndine amayi ako, ndikugwira dzanja." Anachotsa dzanjalo.

Loweruka, 22 Juni

Dzulo Wailesi anazula yekha kapaipi ka m'mphuno. Magazi pang'ono. Adokotala anamuyeza pakhosi ndi madzi a m'supuni, akuti akumeza bwino, ndiye tisabwezere, tiyese pakamwa. Ndinasangalala. Ndinati tsopano ndimudyetse mwana wanga ndi dzanja langa.

Ndinabweretsa phala lamadzimadzi. Anatseka pakamwa, osati kuuma kuja, kutseka dala. Ndinamunyengerera. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Amayi anga anati ndisamalandire chakudya kwa anthu osawadziwa."

Ndinati ndine amayi akowo. Anati, "Bodza. Amayi anga salankhula choncho. Amayi anga amakuwa."

Bambo a Wailesi, akunena zoona. Kunyumba tonse timakuwa chifukwa cha inu. Chibadwire mwanayu sanandimvepo ndikunong'ona. Ndinayesa kukweza mawu, sindinathe. Ndikangoti ndikuwe ndimaona msana uja ukupindika.

Ndinamufunsa kuti nanga amayi ako ali kuti. Anati, "Anapita. Kunada, ndiye anapita." Ine amene ndakhala pampando uwu mpaka matako kuchita zipsera. Ndinalipo, koma sindinkamugwira, sindinkamulankhula. Iye akanadziwa bwanji?

Kwa Sisitala walandira masupuni awiri a madzi, poti avala zoyera ndipo akuti amenewo ndi adokotala. Phala wakana.

Lamulungu, 23 Juni

Namwino wa lero ndi wina, wachitsikana. Anati mwina akaona ana anzake asintha, ndiye tinamukankhira mu wodi yaikulu nthawi ya alendo. Sizinayende. Magetsi, mafoni, anthu kupemphera, mbale, mwana wina kulira pobayidwa. Wailesi anatseka makutu ndi manja, anayamba kunjenjemera n'kumakuwa kuti denga likugwa. Ndinkadikira kuti auma. Sanaume. Koma tinamubweza akulira mpaka kusanza timadzi tija.

Namwinoyo anapepesa. Si vuto lake, amafuna kuthandiza. Chete akumudwalitsa, phokoso likumuopsa. Nanga ndimuike pati?

Alamu abweretsa zinthu zake zimene Sisitala anaitanitsa. Kadiresi kachikasu, chidole chopanda mkono chija, ndi kakapu kalata kamene munamukhomera, kolembedwa W ndi msomali. Chidole anachikankha. Kakapu anakagwira, sanakasiye. Wagona nako. Koma ndikathiramo madzi sakumwa.

Ndinafunsa alamu za inu. Akuti mumadzuka, mumakhala pakhomo pa shedi yotseka, mumagona. Akuti anakuuzani kuti mwana akupezako bwino, mupite mukamuone, inu munati, "Ndikapitako ndikamupha." Anthu a nyumba yachitatu anamva.

Lolemba, 24 Juni

Sanadye. Milomo yasweka. Mkodzo wochepa, wachikasu kwambiri. Diripi yatsekeka, abaya malo anayi osapeza mtsempha, womwe aupeza kuphazi akuti sukhalitsa.

Sisitala Mphaka abwera. Anakhala pansi, pasimenti penipeni, n'kundifunsa kuti, "Kwanu kukacha mwanayu amamva chiyani? Osati zimene amaona. Zimene amamva."

Ndinati nyundo. Ndinawauza kuti chipinda chathu chinagundana ndi shedi, khoma limodzi. Kuti ali khanda ankagona inu mukukhoma, mukasiya ankadzuka n'kulira. Kuti Lamulungu, tsiku losakhoma, ndi limene amavuta kugona masana. Kuti tikapita kukachezera abale iye amafunsa kuti kuno bwanji kulibe anthu, chikhalirecho anthu ali tho m'nyumba.

Sisitala anati, "Ndiye kwa iyeyu, kukakhala zii ndiye kuti aliyense wachoka." Anati si phokoso lililonse limene akufuna. Akufuna lake.

Anandiuza nditenge supuni ndigogode kakapu kaja, pang'ono, iwo ali pomwepo ndi mankhwala m'manja. Ndinagogoda. Ngo, ngo, ngo.

Zala zija zinasiya kutola. Anatembenuza mutu. Koyamba chibwerere maso ake anafuna chinthu n'kuchipeza. Anamvetsera. Ndiye nkhope inagwa. Anati, "Si adadi amenewo. Adadi amamenya kawiri, kenako amakoka."

Ndinayesa kawiri ndi kukoka. Anati, "Simukutha." Ndakhala nanu zaka zonsezi, sindinadziwe kuti mumakoka.

Kenako anafunsa Sisitala, osati ine. Anati, "Adokotala, nyundo inasiya kalekale. Adadi anga anamwalira eti?" Sisitala anati ayi, ali moyo, ali kunyumba. Iye anati, "Akanakhala moyo ndikanawamva." Anatembenukira kukhoma.

Lachiwiri, 25 Juni, m'mawa

Bambo a Wailesi, alamu aima pakhomo akudikira, ndiwapatsa mapepala onse, ndi lija ndinati sinditumiza. Ngati mulibe mtima wowerenga onse, werengani ili lokha.

Adokotala angodutsa kumene. Akuti akapanda kumwa lero, mawa m'mawa abwezera kapaipi m'mphuno. Poti amazula, amumanga manja ku bedi ndi mabandeji, ndipo amupatsanso mankhwala ogonetsa. Sisitala akuti zikatero abwerera kumene akuchokera kuja, kwa nyerere ndi madzi okwera, ndipo ulendo uno womangidwa. Mwana wa zaka zisanu amene akuganiza kuti amake anamuthawa ndipo bambo ake anafa.

Ndinafunsa ngati mawu anu sangamuumitsenso. Adokotala akuti papita sabata osauma, ngozi yatsala yochepa, ndipo Sisitala akhala pomwepo ndi jakisoni ndi chopumira. Sisitala anena okha kuti ndikuitaneni. Apangana kale ndi mlonda, akulowetsani ngakhale si nthawi ya alendo. Akuti muyambire panja, kuseri kwa windo lathu, pali kamtengo ka mapeyala. Mukhale pamenepo muzikhoma pang'ono, iye akumveni kaye. Akakufunsani ndiye mulowe.

Mawu ndinanena pakhonde aja tidzakamba kunyumba, mudzandikalipire mpaka msewu wonse umve, ndidzamvetsera. Lero ayi. Lero nthawi palibe.

Ine ndayesa zonse. Ndamuuza kuti muli moyo, sakundikhulupirira, sakundidziwa n'komwe. Mwina inu mukamuuza kuti uyu ndi mayi ako, amva. Inu mukanena chinthu palibe amene samva.

Tengani kanyundo kakang'ono kaja ka chogwirira chofiira, ndi chidutswa cha lata chilichonse. Musasambe, musasinthe malaya, bwerani ndi fungo la ku shedi lomwelo. Musadikire alamu adye, musadikire dzuwa lipendeke. Makiyi musawakulunge. Nsapato musavule. Mukafika pakhomo muitaneni mmene mumamuitanira akasowa kuseri kwa migolo.

Phala ndaphimba, likadali lofunda. Bwerani msanga, chonde, lisanazizire.